Mita imodzi imene timaumira pamwamba pa masitepe

Papita kanthawi ndili zii, ndipo ena mwandifunsa kale ngati choko chinandimeza. Ayi, ndilipo ndithu. Zinandigwira ndi mayeso a teremu komanso kudwazika amayi anga, amene akhala masabata asanu ndi limodzi ali ndi chikhakha kudzanja lamanja. Nkhani ya chikhakhacho ndi imene ndabwera nayo lero, chifukwa chimene chinawathyola chili m'nyumba zambiri kuno ku Area 47 ndipo eni nyumbazo amachidutsa m'mawa ndi madzulo osachiona.

Amayi anabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzaonetsa maso. Ine ndimachita lendi kanyumba kakang'ono, ndiye anafikira kwa achemwali anga amene ali ndi nyumba yosanja ku sekita ina konkuno. Nyumbayo ndi yokongola, sindinganame. Zipinda zogona zonse zili m'mwamba, ndipo pamene masitepe athera alamu anaikapo chitseko chachitsulo cha mabagala chimene amakhoma usiku poopa akuba. Chitsekocho chinkatsegukira kumasitepe, ndipo felemu yake inakhala pamphepete penipeni pa sitepe yomaliza.

Tsiku lina chakumadzulo magetsi atathima, amayi ankakwera ndi beseni la zovala zimene anaanula pachingwe. Atatsala sitepe imodzi kuti afike, mdzukulu wawo wa zaka 9 anatuluka m'chipinda akuthamangira kukatsegula geti. Anakankha chitseko monga amachitira masiku onse. Chitseko chinamenya beseni, amayi anabweza phazi m'mbuyo kuti apeze popondera, koma m'mbuyomo munalibe popondera. Anagubuduka mpaka pokhotera masitepe. Mulungu ndi wabwino kuti mutu sunamenyetseke pakona, koma fupa la pamkono, pafupi ndi chikhatho, linathyoka.

Anthu obwera kudzazonda ankati tsoka silinunkha. Amayi eni ake ankangoti, "Ndakalamba ine, miyendo yatha." Mwanayo anakhala masiku awiri osafuna kudya, akuti ndi iye wapweteka agogo. Ine maganizo anga ndi akuti onsewa anaphonya. Mwana analibe mlandu, ukalamba unalibe mlandu, ndipo tsokalo linkanunkha kuyambira tsiku limene chitsekocho chinaikidwa.

Loweruka lotsatira ndinapita ndi tepi yanga, paja ndine wa masamu. Chitseko chinali masentimita 81 m'lifupi. Popondera pa sitepe iliyonse panali masentimita 23. Gawani nokha muone: chitsekocho chikamatseguka chinkasesa masitepe atatu ndi theka. Aliyense woima pamasitepe atatu omalizawo anali m'njira yake, ndipo analibe kothawira koma kubwerera chambuyo motsika. Ndinapezanso kuti sitepe yomaliza inali yayitali kuposa zinzake ndi masentimita atatu, chifukwa m'mwamba anawonjezera simenti ndi matailosi masitepe atatha kale.

Ndinapempha alamu kuti andionetse pulani ya nyumbayo. Papulanipo panali malo athyathyathya oposa mita imodzi pakati pa sitepe yomaliza ndi khomo, malo amene amisiri amati landing, ife tingoti popumira.

"Alamu, nanga malo awa anapita kuti?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi, musandizenge mlandu," anatero akukanda mutu. "Bilidala anati malowo akungotayika, kuli bwino tikuze bafa. Ine ndinaona ngati zanzeru."

Sindikuwanyoza alamu. Akanakhala ine, mwina ndikanavomeranso. Ndani sakonda bafa lalikulu? Amene anajambula pulani anachita ntchito yake bwino. Chinasintha zinthu ndi kukambirana kwa mphindi zisanu pakati pa mwini nyumba ndi m'misiri, ataima pa silabu, onse awiri osadziwa ntchito ya mita imodzi imeneyo.

Kusadziwaku kuli ndi gwero lake. Boma litasamutsira likulu ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975, nyumba zokhalamo zimene zinkamangidwa m'ma Area athuwa zinali zapansi pafupifupi zonse. Masitepe unkawaona ku Capital Hill kapena m'maofesi a ku City Centre. Lero malo adula, mapuloti akugawidwa pawiri, ndipo amene ali ndi kangachepe akumangira m'mwamba. Yendani muno mu 47, ku 43, ku 10 kapena ku 12 muone nyumba zosanja zimene zaphuka. Koma ambiri mwa mabilidala athu anaphunzira ntchito pa nyumba zapansi, ndipo ambiri mwa eni nyumbafe tinakulira m'nyumba zopanda sitepe ngakhale imodzi. Za denga lodontha tonse timadziwa chifukwa tinakula nazo. Za masitepe palibe agogo amene anatilangizapo.

Anzathu amene akhala ndi masitepe zaka mazanamazana anaphunzira ndi misozi. Pa 16 June 1883, mumzinda wa Sunderland ku England, ana ambirimbiri anasonkhana mu holo yotchedwa Victoria Hall kudzaonera zisudzo. Kumapeto kunalengezedwa kuti kukhala kugawa mphatso, ndiye ana amene anali m'mwamba anathamangira kutsika. Pansi pa masitepe panali chitseko chotsegukira mkati, ndipo chinali chitakhomedwa mosiya kampata kongokwanira mwana mmodzi. Am'mbuyo ankakankha osadziwa kuti kutsogolo kwatsekeka. Ana 183 anafera pamenepo. Ngozi imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa kuti zitseko zothawirapo m'nyumba zosonkhanamo anthu zizitsegukira kunja, komanso kuti papangidwe chitsulo chopingasa chija chimene umangokankha chitseko n'kutseguka. Monga mphunzitsi, nkhani imeneyi imandiimitsa mutu nthawi zonse ndikaona ana akutuluka m'kalasi belu likalira.

Tsono malamulo a mayiko amenewa amati chiyani za nyumba zokhalamo? Ku England, buku la malangizo lotchedwa Approved Document K limati pamwamba ndi pansi pa masitepe pazikhala popumira, ndipo kutalika ndi kufupika kwake kusachepere m'lifupi mwa masitepewo. Limalola chitseko kutsegukira pa popumira pa m'munsi pokhapokha ngati chikusiya masentimita 40 opanda chotchinga kutsogolo kwa sitepe yoyamba. Ku America, International Residential Code imafuna popumira pa masentimita pafupifupi 91. Imalola kuti pamwamba pa masitepe a m'nyumba pasakhale popumira, koma pokhapokha ngati chitseko sichikutsegukira kumasitepe. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito ya zomangamanga, gawo M la SANS 10400 limati chitseko chisatsegukire pamasitepe pokhapokha patakhala popumira, sitepe isatalike kuposa masentimita 20, ndipo popondera pasachepere masentimita 25.

Mayiko atatu, manambala osiyana pang'ono, koma mfundo ndi imodzi: munthu asakumane ndi chitseko ataima pa sitepe. Ndipo a ku America ndi a ku South Africa amagwirizananso pa china, kuti kusiyana kwa sitepe ina ndi inzake kusafike ngakhale sentimita imodzi.

Chifukwa chake si chovuta kumva. Munthu ukamakwera, phazi limaloweza msinkhu wa sitepe ukangoponda ziwiri kapena zitatu zoyamba, kenako limayenda lokha maso ali kwina. Ikapezeka imodzi yosiyana, chala chimakola. Ndiye potsegula chitseko chimene chikubwera kwa iwe, thupi limabwerera m'mbuyo lokha osakufunsa. Pamalo athyathyathya palibe vuto. Pamasitepe kubwerera m'mbuyo ndi kugwa. Kwa amene akuchokera mbali inayo, ngoziyo ndi ina: ukatsegula chitseko phazi limayembekezera kupeza pansi pa msinkhu womwewo. Mlendo amene wadzuka usiku kufuna kuchimbudzi, n'kutsegula khomo lolakwika, amaponda mphepo.

Ana anga a Fomu 3 ndinawapatsa samu iyi, ndipo inunso yesani. Katswiri wina wa zomangamanga wa ku France, François Blondel, anaona m'zaka za m'ma 1600 kuti masitepe abwino amatsata kutalika kwa phazi limodzi la munthu poyenda. Lero lamulo lakelo timaliwerengera motere: msinkhu wa sitepe kuwirikiza kawiri, kuphatikiza popondera, zikwane masentimita pafupifupi 63. Tiyerekeze kuti kuchokera pansi kufika m'mwamba ndi masentimita 280. Mukagawa pa masitepe 15, iliyonse ikhala masentimita 18.7. Popondera pakhale 25. Kawiri 18.7 kuphatikiza 25 ndi 62.4, zakhala bwino. Popondera 14 pa masentimita 25 pakutenga mamita atatu ndi theka. Onjezani mita imodzi ya popumira pamwamba. Ndiye kuti chimene tikukanganirana apa ndi malo a mita imodzi mbali zonse, malo osakwana ndi pogona mphasa. M'nyumba ya zipinda zinayi, ya garaji ya galimoto ziwiri, mita imeneyi ndi imene timaumira.

Nanga kuno kwathu? Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, limafuna kuti womanga mumzinda apeze kaye chilolezo, ndipo kuno mapulani amapita ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Lipoti la World Bank la 2019 linapeza kuti panthawiyo Malawi analibe malamulo amodzi a dziko lonse a kamangidwe ka nyumba, mizinda ikuluikulu inkadalira malamulo ake akeake. Chimene ine ndaona ndi chakuti nkhani ya kamangidwe timaikamba pokhapokha chinthu chikagwa. Tinaikamba chivomerezi chitagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009. Tinaikambanso mu 2011 nyumba ya malo odyera a Kips itagwa ku Blantyre n'kupha anthu. Izo zimamveka pa wailesi chifukwa zimagwa kamodzi ndi phokoso. Agogo akagwa pamasitepe, nkhani imathera pa mawu oti "anaterereka".

Komatu kugwa si nkhani yaing'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo pa ngozi zonse zopha anthu, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi za pamsewu. Oposa 80 pa 100 alionse mwa anthu amenewa ndi a m'mayiko osauka ndi apakati, ndipo ochuluka ndi a zaka zoposa 60. Sikuti onsewo amagwa pamasitepe ayi. Koma taganizani: ndani amene timawaitana kumudzi kuti adzapume m'nyumba zathu zosanjazi? Si makolo athu omwewo, amene maso ayamba kuchita mdima ndipo moyo wawo wonse sanakwerepo masitepe 15?

Ndikudziwa zimene ena munene, chifukwa alamu ananena zomwezo. Choyamba, akuba aliko. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Amene anamvapo chitseko chikuswedwa ndi chimwala pakati pa usiku sangaseke munthu woika mabagala pamwamba pa masitepe. Koma chitseko chachitsulo chimateteza chimodzimodzi kaya chili pamphepete pa sitepe kaya chili mita imodzi mkati mwa kakhonde kopita kuzipinda. Wakuba sachita mantha chifukwa choti chitseko chikutsegukira kwa iye. Ndipo pali funso lina limene sitidzifunsa. Moto ukabuka kukhitchini usiku, kaya ndi gasi kaya ndi kandulo yoiwalika, banja lonse lili m'mwamba, mawindo onse ali ndi mabagala, njira ndi imodzi yokha ndipo ili ndi loko. Kiyi ali kuti? Kodi mwana wa zaka 10 angamupeze mumdima, utsi uli m'maso? Ngati kiyi amagona m'thumba la buluku la bambo, chitsekocho chatchinga akuba panja n'kutsekera ana m'khola.

Apa wina angandigwire mawu. Ku Sunderland ana anafa chifukwa chitseko chinkatsegukira mkati, pomwe amayi anga anagwa chifukwa chitseko chinkatsegukira kunja. Nanga chabwino n'chiti? Yankho ndi popumira pomwepo. M'holo, m'tchalitchi kapena m'sukulu, momwe anthu ambiri amatuluka nthawi imodzi, chitseko chizitsegukira kumene anthu akuthawira, koma chipeze malo aakulu athyathyathya kutsogolo kwake. M'nyumba ya banja anthu ndi ochepa, palibe chikhamu chokankhana, ndiye chitseko cha pamwamba pa masitepe chizitsegukira mkati, kutali ndi masitepe. Ponseponse chimene chikuletsedwa ndi kulumikiza khomo ndi sitepe popanda mpata.

Chachiwiri, ena amati awa ndi malamulo a azungu. Ine ndimaphunzitsa ana kuti chinthu chikagwa chimathamanga mofanana ku London ndi ku Lilongwe. Fupa la mayi wa ku Ntcheu silolimba kuposa la mayi wa ku England. Si zonse za kunja zimene tiyenera kutengera, koma muyeso wa phazi la munthu si chikhalidwe cha mtundu wina.

Chachitatu, "nyumba ndi yanga, ndalama ndi zanga". Zoona. Koma amene amakwera masitepewo kakhumi patsiku si inu bwana. Ndi mtsikana wantchito atanyamula ndowa ya madzi okolopera, ndi mayi ali ndi mwana kumbuyo, ndi ana amene sadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Mawa mukasamuka mudzaikamo alendi amene sanakhale nawo pamene munkagwirizana ndi bilidala. Iwo sanafunsidwe.

Ndipo inu a nyumba zapansi musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Pamapuloti otsetsereka, monga ena oyang'ana ku mtsinje wa Lingadzi, maziko a kuseri amakwera, ndiye khomo la kukhitchini limathera pa masitepe anayi kapena asanu opita pabwalo. Kawirikawiri sitepe yoyamba imayambira pakhomo penipeni, ndipo chitseko cha mabagala chimatsegukira kunja. Pamenepo ndi pamene pamadutsa mphika wa madzi otentha ndi mbaula ya moto. Mvula ikagwa pa matailosi osalala aja, mudziwa nokha.

Tsono ndikupempha chiyani? Kwa amene mukumanga, pulani ikavomerezedwa isasinthidwe pa silabu ndi pakamwa. Bilidala akati "apa tikhoza kupanikiza", muimbireni kaye amene anajambula. Safunsa anadya phula. Gulani tepi yanuyanu, siposa mtengo wa thumba la simenti, ndipo muyeze matabwa a masitepe konkire isanathiridwe, mukuwerengeratu kuti pansi ndi m'mwamba padzabwera matailosi. Konkire ikauma, kukonza ndi kugumula.

Kwa amene nyumba inatha kale, lero lomwe kaimeni pa sitepe yomaliza muuze mwana atsegule chitseko pang'onopang'ono. Chikakukhudzani, muli ndi ntchito. Wowotcherera akhoza kutembenuza mahinjesi kuti chizitsegukira mkati, kapena kusunthira felemu yonse mkati mwa kakhonde. Malo akachepa, pali zitseko zachitsulo zoyenda cham'mbali. Ikani chogwirira kuyambira pansi mpaka pamwamba, pa msinkhu wa masentimita 90 mpaka 100, ndipo mipata ya zitsulo zake isafike masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe. Swichi ya getsi la pamasitepe ikhale pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo poti magetsi athu timawadziwa, pakhale kanyale kotchaja kapena ka sola kamene kamayaka kokha. Kiyi wa mabagala akhale pa msomali umodzi wodziwika kwa aliyense wogona m'mwamba, kutali ndi pamene dzanja la wapanja lingafike.

Kwa akhonsolo, pempho langa ndi loti oyendera nyumba azifika ndi tepi pamasitepe monga amafikira pa maziko, chifukwa chidindo cha papepala sichigwira munthu akamagwa. Kwa a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College ndi Namitete, mnyamata wophunzira kumanga kapena kuwotcherera asamatuluke asanamve chifukwa chake popumira pamakhalapo. M'misiri amene akudziwa chifukwa amatha kukana bwana mwaulemu. Amene anangoloweza muyeso amagonja akangouzidwa za bafa lalikulu. Ndipo ife aphunzitsi anzanga, samu za ngodya ndi miyeso tisamangozithera pa bolodi. Masitepe a pasukulu ndi labu yaulere.

Kwa achemwali chitseko chija chinasunthidwa. Wowotcherera anabwera m'mawa, pofika dzuwa lapamutu anali atamaliza, ndipo ndalama imene analipidwa sinafike pa imene tinawononga pa mayendedwe a kuchipatala okha. Alamu anaima pamenepo n'kunena kuti, "Ntchito ya theka la tsiku, ife takhala nacho zaka zisanu." Sindinayankhe, panalibe chowonjezera.

Chikhakha anachotsa sabata yatha. Dzanja lidakali lofooka, amayi sakutha kufinya nsalu ngakhale kugwira mthiko bwinobwino, ndipo nkhawa yawo yonse ili pa munda, kuti khasu adzaligwira bwanji. Tagwirizana ndi achemwali kuti chaka chino tilipira aganyu, koma amene mukuwadziwa amayi a kumudzi mukudziwa kuti kuonerera wina akulima munda wawo ndi matenda enanso. Mdzukulu uja anayambanso kudya. Dzulo ndinamupeza akukwera masitepe pambali pa agogo ake, atawagwira dzanja lamanzere, akuwawerengera sitepe imodziimodzi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Katengeni tepi.